Mlatho Umene Tinaupaka Laimu

Kwathu ndi kumapiri a kummawa kwa Mponela, kumene Dowa imagundana ndi Ntchisi. Kunja kukayera, munthu woima pachitunda cha kuseri kwa nyumba yanga amaona msewu wa phula chapatali, malole akuyenda pamenepo tsiku lonse. Ena amapita kumpoto, ku malire a Tanzania. Ena amatsikira ku Lilongwe kuti akakhotere ku Mchinji, kulowa m'Zambia. Ambiri amakhala atanyamula mtedza ndi soya wolimidwa m'mapiri athu omwe ano. Koma lole yaikulu siinafikepo kwathu. Pakati pa ife ndi phulalo pali mtsinje, ndipo pamtsinjepo pali mlatho wa mitengo ya bulugamu.

Mlathowo timamanga tokha. Mvula ya mu Febuluwale imaukokolola kapena kuupendeketsa, ndipo madzi akaphwera amuna timatenga nkhwangwa, kukadula mitengo m'nkhalango ya tchalitchi, kuikoka ndi ng'ombe, kuiyala, n'kuthira dothi pamwamba. Ngolo imadutsa. Njinga yamoto imadutsa. Galimoto yaing'ono imadutsa ngati dalaivala wake ali wolimba mtima. Choncho mtedza wathu timagulitsa kwa mavenda amene amabwera ndi masikelo awo pa njinga zamoto, iwo n'kukaugulitsa paphula kwa eni malole. Mtengo amatchula ndi iwo, popeza amadziwa kuti tilibe kwina kopita.

Ine ndinali mlembi wa kalabu yathu ya alimi. Anandisankha chifukwa ndinamaliza Fomu 4 ndipo zimene ndalemba zimawerengeka. Tinali titamanga shedi ya njerwa zootcha pafupi ndi sukulu, pamtunda ndithu kuchokera pamtsinje, kuti tizisonkhanitsamo mbewu n'kugulitsa pamodzi. Shedi tinali nayo. Wogula ndiye panalibe.

Mwezi wina wa Okutobala kunabwera mayi wamalonda wa ku Chipata, atakwera kumbuyo kwa njinga yamoto, fumbi lili nkhope yonse. Anali atagula mtedza wabwino paphula, ndipo anafufuza kumene unachokera mpaka kudzatipeza. Anali munthu wolankhula mosapita m'mbali. Anatenga mtedza wambewu m'manja, n'kuuswa ndi mano.

"Uwu ndimapita nawo mpaka ku malire a Kongo," anatero. "Chaka chamawa mukandidzazira shedi iyi, nditenga wonse, opanda venda pakati. Koma motoka yanga ifike pakhomo pano. Ine wa ngolo sindidikira. Mapepala a pamalire ali ndi masiku ake."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kulemba makalata. Ndinalembera ofesi yoona za misewu, kupempha mlatho wa simenti. Ndinafotokoza za mtedza, za wogula wa kunja, za ana asukulu a kutsidya. Kalata iliyonse ndinkaisiya ndekha, pa njinga. Yankho linabwera mu Epulo, pa foni. Anati ndalama ya mlatho umodzi yapezeka, madera opempha ndi angapo, ndipo Lachinayi la sabata yotsatira kubwera anthu odzaona malowo kuti asankhe pofunika kwambiri.

Uthengawo unalengezedwa m'tchalitchi Lamulungu. Titatuluka, a komiti ya msewu ndi ena ambiri tinakhala pamabenchi panja. Wapampando wa komitiyo anali mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, munthu wofatsa amene nsapato zake sizinaonekepo ndi fumbi. Ine ndinadutsa m'manja mwake Sitandade 6.

"Alendo akubwera Lachinayi," anatero. "Ndiye mawa m'mawa tiyambe kulambula."

Anthu anavomera ndi mitu. Panalibe chachilendo. Kwathu mlendo waulemu sayenda pamsewu wa thengo. Chiyambire ubwana wanga, kukamabwera abusa atsopano, woyendera sukulu, kapena aliyense wovala tayi, timatchetcha udzu m'mbali mwa msewu, kukwirira maenje, kusesa, n'kundandalika miyala yopaka laimu kuchokera pamtsinje mpaka pasukulu. Palibe amene amatikakamiza. Zili ngati kusamba popita ku mapemphero.

Amene anatsutsa anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, mwini ngolo ndi ng'ombe ziwiri zakuda. Iye sakhala m'komiti iliyonse, koma sasowa pamsonkhano.

"Tilambule chiyani, abambo?"

"Msewu."

"Msewu womwewu tikufuna auone kuti ndi woipa?"

"Alendo ndi alendo, achimwene."

"Pepanitu abambo, ine sukulu ndinalekeza panjira, mukudziwa ndinu. Koma inu mukamapita ku chipatala cha Mtengowanthenga ndi chilonda chapamwendo, mumavala sokosi kuti adokotala asachione?"

Anthu anaseka, ndi mkuluyo yemwe. Kenako anayankha modekha, monga ankachitira m'kalasi.

"Nanga galimoto yawo ikatitimira padambo paja? Adzabwerera panjira, osafika ndi pamlatho pomwe. Ndipo akadzafika ku ofesi adzati kumene kuja kumakhala anthu otani, ongokhala manja lende kudikira boma? Munthu amathandiza amene akudzithandiza." Anatembenukira kwa ine. "Alembi, makalata munalemba ndinu. Mukuti bwanji?"

Ndinkadziwa kuti mlamu wanga akunena zoona. Ndinadziwa pomwepo, osati pambuyo pake. Koma amene ankandifunsa anali mphunzitsi wanga, pamaso pa mpingo wonse, ndipo inenso ndinali ndi manyazi omwewo poganiza za alendo akutsika m'matope ndi nsapato zawo.

"Tingolambula pang'ono," ndinatero. "Kuti angofika."

Kwathu kulambula pang'ono kulibe. Lolemba kunatuluka midzi inayi. Amayi ankasenza dothi m'mabeseni. Amuna tinakumba ngalande, n'kuyala miyala padambo pamene ngolo zimatitimira chaka ndi chaka. Lachiwiri tinafika pamlatho. Mitengo iwiri ya pamwamba inali itathyoka, dzenje lili pakati loti mbuzi n'kugweramo. Wina anati galimoto ya alendo ingagwere pamenepo, imfa n'kukhala pamutu pathu. Tinaika mitengo yatsopano. Mitanda ikuluikulu ya pansi, imene imanyamula mlatho wonse, inali yofumbwa, koma imeneyo sitikanatha kuisintha m'masiku atatu. Tinangothira tsakalabwe pamwamba, n'kusindira bwino. Amene ankatuta tsakalabweyo ndi ngolo yake anali mlamu wanga yemwe uja, akung'ung'udza ulendo uliwonse.

Lachitatu madzulo tinapaka miyala. Laimu anatsala theka la ndowa, ndipo wina anati asaonongeke. Ndinatenga tsache, n'kupaka mitengo ya m'mbali mwa mlatho, mbali zonse ziwiri. Ndinapaka ndine, ndi dzanja lomwelo limene linalemba makalata. Mlamu wanga anaimitsa ng'ombe zake n'kumandiyang'ana.

"Pakani bwino, alamu," anatero. "Azikaonetsa anzawo m'tauni."

Lachinayi tinayamba kudikira dzuwa lisanatenthe. Amayi a mpingo anavala yunifolomu. Kusukulu anaphika mpunga ndi nkhuku zitatu zimene mabanja anapereka. M'thumba la jekete ndinali ndi pepala la mawu amene ndinakonza, ndipo m'foni munali zithunzi za mlathowo madzi ataugwetsa chaka chapitacho.

Anafika cha m'ma thuu koloko, pa galimoto yoyera yaitali miyendo, anthu atatu ndi dalaivala. Padambo anadutsa osazindikira kuti pali dambo. Pamlatho anadutsa osachepetsa liwiro, n'kukaima kutsidya kuno pamene amayi ankaimba. Wamkulu wawo anatsitsa galasi. Anatsika mmodzi yekha, wocheperapo, amene anabwerera pang'ono, kuima pakati pa msewu, n'kujambula mlathowo ndi foni, kuchokera pamwamba.

Ndinapita pawindo, chipewa chili m'manja.

"Bwana, tikanakonda mutsike muone pansi pake. Mitanda yadyeka. Pamwambapa tangokonza dzana."

"Mwakonza nokha?"

"Inde, bwana."

"Mukuyesetsa kwambiri kuno. Kwina anthu amangokhala." Anayang'ana wotchi. "Bambo, tili ndi malo ena atatu lisanalowe dzuwa."

"Ndili ndi zithunzi za nthawi ya mvula."

"Mudzatumize."

Pepala langa analandira, n'kuliika pamwamba pa mabotolo a madzi. Kusukulu sanapite. Amayi anathamangitsa chakudya m'mapoto mpaka pamsewu, n'kuwaikira nkhuku m'majumbo. Nkhukuzo analandira. Anatembenuza galimoto, kudutsanso pamlatho paja, fumbi n'kutsala likugwera pa yunifolomu za amayi.

Kuchokera pamlatho kutsikira kumadzi ndi mapazi osakwana makumi awiri. Ndinawerengapo. Anthu ophunzira za milatho, olipidwa kuti aone milatho, anayenda ulendo wonsewo ndi mafuta a boma, koma mapazi amenewo anawalephera.

Komabe tinakhala ndi chiyembekezo. Mkulu wa mpingo ankati alendo apita okondwa. Mu Meyi tinakumba mtedza, ndipo unabereka bwino. Mayi wa ku Chipata uja anaimba foni.

"Alembi, motoka ifika?"

"Msewu uli bwino kuposa kale lonse," ndinatero. "Galimoto ya boma yadutsa posachedwa."

Sindinaname. Koma za mitanda sindinatchule, chifukwa ndinkaopa kuti akamva sabwera. Ndinadziuza kuti mu Juni kulibe mvula, mitengo yauma, mwina ipirira ulendo umodzi.

Masabata otsatira mavenda tinawakana. Sizinali zapafupi. Mabanja ena analibe sopo, ena ana awo anali atabwezedwa kusukulu, ndipo venda amaima pakhomo ndalama ili m'manja. Ndinayenda nyumba ndi nyumba kuwapempha kuti apirire. Tinaswa mtedza mpaka zala kutupa, kusankha wowola, kusoka matumba. Shedi inadzaza mpaka kudenga, koyamba chiimangire.

Lole inafika pamtsinje Lachiwiri lina m'mawa, yaitali, ya matayala ambiri. Tinapita kukaichingamira. Dalaivala, bambo wa ku Zambia, wa imvi ndi mimba yaikulu, anaimitsa patsogolo pa mlatho. Sanafunse munthu. Anatsika, kuvula nsapato, kupinda buluku, n'kulowa pansi pa mlatho ndi chitsulo chomasulira matayala. Tinamva akugogoda. Anatuluka ndi chidutswa cha mtanda m'manja, n'kuchifinya pamaso pa mayi uja. Chinanyenyeka ngati chigumu.

"Apa siwoloka," anatero. "Ngakhale yopanda katundu."

Mayiyo anandiyang'ana.

"Alembi, munati uli bwino."

"Ndinati msewu, mayi."

"Manje ine ndimayenda pa msewu wopanda mlatho?"

Mkulu wa mpingo anayesa kufotokoza kuti akuluakulu anadutsa pomwepa osaona vuto. Dalaivala uja anaseka, akuvala nsapato.

"Akuluakulu anu ananyamula matumba angati, mdala?"

Tinathamangira ngolo. M'midzi yonse zinapezeka zinayi. Kuchokera kushedi kutsikira kumtsinje njira ndi yotsetsereka, ya miyala, ndipo ng'ombe zolemedwa sizithamangitsidwa. Ulendo umodzi, kupita ndi kubwera, unkadya ola ndi theka. Amuna ena anamanga matumba pa njinga zakapalasa n'kumakankha. Amayi anagawa mtedza m'mabeseni n'kusenza. Mkazi wanga anayenda maulendo anayi. Mlamu wanga sanalankhule nthabwala ngakhale imodzi tsiku limenelo, ndipo ng'ombe zake zinafika potulutsa thovu.

Mayi uja anadikira kuposa mmene ananenera. Anakhala pamwala wopaka laimu, akuyesa matumba amene ankafika, foni ikulira kawirikawiri. Itakwana fili koloko anaimirira. Lole anachita kubwereka, yolipira pa tsiku, ndipo mapepala ake ankafuna kuti mawa lake akhale atadutsa pa Mchinji. M'lolemo munali matumba ochepa, ongobisa pansi pake. Otsala anati akadzazira kwa mavenda pa Mponela.

"Sindikukwiyirani," anandiuza. "Mtedza wanu ndi wabwino. Koma taonani. Dzulo ndawoloka malire a dziko, ndi motoka yonseyi, sanandichedwetse. Lero ndalephera kamtsinje koti ndingalumphe ndi chitenje changa chomwechi."

Zinali zoona. Mu Juni madzi a mumtsinje wathu safika ndi m'mawondo.

Mavenda anabwera mawa lake lomwe. Nkhani inali itawapeza. Anatchula mtengo wotsika kuposa umene tinakana mu Meyi, ndipo anthu anagulitsa, chifukwa analibe mphamvu yodikiranso. Palibe amene ananditukwana. Ena anangosiya kundipatsa moni kwa kanthawi.

Mu Julayi ndinapita ku ofesi ija. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka atabwerako ku chakudya chamasana. Amene anandilandira anali wocheperapo uja, wojambula. Anandikumbukira, ndipo anaoneka wokondwa kundiona. Anatsegula kompyuta n'kunditembenuzira. Panali chithunzi cha mlatho wathu, woyera mbali zonse, tsakalabwe ali see, amayi a yunifolomu akuoneka kumbuyo. Pansi pake panalembedwa m'Chingerezi kuti msewu ndi wodutsika, mlatho uli bwino, anthu a m'deralo amausamalira okha, palibe chofunika mwamsanga.

"Nanga mlatho wa simenti?"

"Unapita kudera lina. Kumene kuja, bambo, galimoto yathu inatitimira mpaka m'zitseko. Anachita kutikoka ndi ng'ombe. Anthu ake sanagwire ndi khasu lomwe." Anapukusa mutu. "Dera lanu timalitchula pamisonkhano ngati chitsanzo."

"Ndinakupemphani kuti muone pansi."

"Ife timalemba zimene taona."

"Ndiye chifukwa chake ndinakupemphani kuti muone."

Anati ndilembenso kalata, mwina ndalama ina ikadzapezeka adzatiganizira. Ndinafunsa kuti liti. Anati iye sadziwa, zimenezo zimachokera kumwamba.

Ndinapalasa njinga kubwerera ndili ndi mkwiyo umene sunathe mpaka lero. Kulakwa kwathu ndikukudziwa, ndipo kwanga ndakulemba pano osabisa. Koma tinalakwa chifukwa cha ulemu. Tinaphunzitsidwa kuti mlendo samuonetsa nsanza, ndipo amene anabwera aja ndi ana a m'midzi ngati yathu yomwe. Akudziwa kuti miyala siimera yopaka laimu. Akudziwa kuti dothi lofiira latsopano pamsewu limatanthauza kuti dzulo panali dzenje. Mlendo wa dziko lina, woyendetsa lole, zinamutengera mphindi zisanu ndi kuvula nsapato. Pawailesi timamva kawirikawiri za misewu yolumikiza maiko ndi za malonda a pamalire, kuti mlimi apindule. Mlimi wake uti? Mtedza umayambira kuno, kumapiri, ndipo ulendo wake wovuta si wa pa Mchinji kapena wa ku Kongo. Ndi wochoka pashedi yathu kufika paphula.

Lamulungu lotsatira ndinapereka lipoti pamabenchi omwe aja. Ndinamasulira mawu a pakompyuta aja m'Chichewa, monga mmene analili. Nditafika pa mawu oti ndife chitsanzo, amayi awiri atatu anayamba kuomba m'manja, kenako analeka ataona kuti ena sakuomba.

"Ndiye tapambanatu, alamu," anatero mlamu wanga. "Mphoto yake ndi bulugamu."

Mkulu wa mpingo anayang'ana pansi. Kenako anati, "Ndinaganiza kuti akaona khama lathu achita manyazi." Sindinamuonepo wokalamba ngati tsiku limenelo.

Mvula yotsatira inatenga mlatho wonse, ndi mitanda yomwe. Tinagwirizana kuti ulendo uno tisaukhudze. Ndinajambula zithunzi n'kutumiza ku ofesi. Yankho silinabwere. Tinapirira masiku asanu ndi anayi. Ana a kutsidya sanapite kusukulu. Chigayo chili kutsidya, ufa unayamba kutha m'nyumba. Tsiku lakhumi amuna anayi anaolotsa mayi wodwala atamugoneka pa chitseko, madzi akuwafika m'chifuwa amunawo, kuti akapeze galimoto yopita ku chipatala. Mawa lake tinatenga nkhwangwa. Inenso ndinapita. Amene amavutika mlatho ukagwa si a ku ofesi, ndipo iwo akudziwa zimenezi. Ndiye amatha kudikira kuposa ife.

Kalabu ilipobe, koma shedi timasungiramo njerwa za tchalitchi. Makalata ndimalembabe, ngakhale tsopano ndi aafupi.

Chaka chino mu Juni ndinapita ku Mponela kukagula mankhwala a ng'ombe za mlamu wanga. M'mbali mwa phula munaima lole, ndipo pambali pake panali mayi wa ku Chipata uja, akuyang'anira sikelo. Mavenda anali pamzere ndi matumba awo. Thumba limene linali pasikelo ndinalizindikira. Mkazi wanga amasoka pakamwa pa thumba ndi chingwe chobiriwira, n'kusiya makutu awiri aatali. Tinaligulitsa pakhomo masiku atatu m'mbuyomo.

Anandiona ndi iye.

"Alembi, muli bwanji? Mlatho uja?"

"Ulipo, mayi. Wa mitengo."

"Ukadzakhala wa simenti mudzandiimbire. Nambala ndi yomwe ija."

Anawerenga sikelo, n'kukodola amuna awiri amene ananyamula thumbalo n'kuliponya m'lole. Ndinatsanzika. Ndinkafuna ndikafike kumtsinje kusanade, chifukwa pamlathopo pali mtengo umodzi umene wayamba kugwedera, ndipo ndi njinga pamafunika kutsika.